Utsi wa Lole Yanga ndi Ukwati wa Fanesi

Lolemba, 7 Juni 1971

Ndakwiya. Ndikulemba ndili chikwiyire.

Loweruka likudzali mwana wanga Fanesi akukwatiwa kutchalitchi cha ku Mishoni, ndipo ndinalonjeza pamaso pa ankhoswe a mbali zonse kuti akwati adzachoka kutchalitchi mpaka kuno kwa Malemia pa lole yanga. Kutsogolo, pambali panga. Osati wapansi ngati anthu ochokera kumunda. Ndiye lero m'mawa amake Fanesi akuti: "Mwana wanga sakwera chimbaula chanucho atavala zoyera."

Chimbaula! Lole imene yawadyetsa zaka zisanu ndi ziwiri!

Chabwino, ikusuta. Sindikukana. Ndinaigula kwa mzungu wa fodya amene ndinkamuyendetsera, chaka cha ufulu chija akulongedza kuti azipita kwawo, ndipo ngakhale pamenepo inali itakalamba kale. Pano ikumwa oyilo ngati thobwa. Ndikathira m'mawa, pofika ku Zomba kachitsulo koyezera kakutuluka kouma gwa. Oyiloyo akutulukira kuekizozi, utsi wabuluu tolotolo, mpaka anthu a pamsika wa Songani aipatsa dzina loti Udzudzu Thawa. Ndamva ndi makutu angawa.

Amene andikwiyitsa lero:

1. Amake Fanesi, chifukwa cha mawu aja.
2. Fanesi, chifukwa sanawatsutse. Wangoyang'ana pansi n'kumakanda mphasa ndi chala.
3. Alamu anga a Mandota, achimwene awo a mkazi wanga, eni mbumba. Akuti: "Mkamwini akalonjeza, ife timangodikira." Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili pamudzi pano. Nyumba ya njerwa ndamanga, mango ndabzala, maliro awo onse ndanyamula pa lole yomweyi. Koma dzina langa likadali mkamwini!

Chachinayi ndiye chachikulu. Amake Fanesi akuti ndikafunse Lameki. Lameki ndi mnyamata amene akukwatira Fanesiyo, amagwira ntchito yaumakaniko pagalaja ina ku Limbe. Ine? Ndikagwade kwa munthu woti sanalowe n'komwe pamudzi pano? Ndinayamba kugwira chiwongolero iye akuyenda wopanda kabudula. Akandiona ndikupempha nzeru ukwati usanachitike, adzandiopa liti?

Sindifunsa.

Nzeru ndili nazo kale. Phala lamadzi limadontha padengu, phala lolimba silidontha. Injini yanga yakhala dengu. Oyilo amene ndimathirayu, wa nambala 30, ndi wamadzimadzi, n'chifukwa chake akupeza njira. Ndithira wolimba. Basi! Nkhani yaing'ono chonchi mudzi wonse ukuvutika nayo.

Lachiwiri, 8 Juni

Ulendo wa ku Zomba ndi matumba a mpunga a Che Saidi, mnzanga wa golosale wa kumsewu uja. Munthu wabwino, koma njira yonse wagwira kampango pamphuno ngati tanyamula chibudu. Utsi ukulowera pansi pa mpando, inde, koma ndi pang'ono. Akanatha kupirira mwaulemu.

Pa Chinamwali mayi wina wogulitsa zitumbuwa wavundikira dengu lake ataona ine ndikubwera. Ndamuona pagalasi. Mulungu amuone.

Pagalaja ya ku Zomba makaniko wamkulu wamvetsera injini, wagwira ekizozi ndi chala, wanunkhiza chalacho, kenako wayamba ulaliki. Akuti maring'i atha, timphete tija ta m'kati mwa injini totsekereza oyilo kuti asakwere kumoto. Akuti mpofunika kutsegula injini yonse, kuitanitsa zitsulo ku Blantyre, sabata imodzi kapena ziwiri. Sabata ziwiri! Ndamuuza kuti ukwati ndi Loweruka. Akuti: "Injini sidziwa Loweruka, bambo."

Amakaniko onse ndi amodzi. Ukawapatsa galimoto yotsokomola amafuna kuing'amba pamimba.

Ndanena kuti andipatse oyilo wolimba basi. Wabweretsa wa nambala 50. Akuti utsi uchepako, koma sikuti wachiza, ndipo akuti pamenepo ndiye malire, makamaka ndi kuzizira kwa mwezi uno. Sindinamufunse za malire. Ndakhetsa wakale ndekha, ndathira watsopano ndekha, iye ataima manja m'thumba.

Pobwerera: ZATHEKA!

Utsi wachepa. Kumbuyo ndikuona msewu, ndikuona mitengo, ndaona ngakhale munthu wa panjinga amene sanatsike kukabisala kutchire. Che Saidi achotsa kampango pa Songani. Akuti: "Achimwene, yachepetsa ndithu. Koma nkhalamba ikasiya kutsokomola mwadzidzidzi, ife kwathu timayamba kuitana abale." Sindikudziwa chifukwa chake anthu sangangonena kuti zikomo.

Ndafika pakhomo ndikuliza hutala kuyambira pamtengo wa mkuyu. Ndazungulira bwalo kawiri. Amake Fanesi akupeta mpunga wa paukwati, sanatukule n'komwe mutu. Ndawauza kuti ayang'ane kuekizozi. Akuti: "Ndayang'ana kuekizozi zaka zisanu ndi ziwiri, maso anga atopa."

Zoti ndichite ukwati usanafike:
nkhuni kuphiri
mabenchi kusukulu
abale a mkwati pa siteji ya basi Lachisanu
kutsuka lole
kumangirira masamba a nthochi ndi maluwa m'mbali
kusayankha amake Fanesi

Lachitatu, 9 Juni

Chiperoni. Phiri silikuoneka, kamvula kakungowaza, zala zauma.

Ndapotoza kiyi. Injini: nyeee... nyeee... ngati ng'ombe yokana kudzuka. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu batire langoti tha. Ndatenga handulo, chitsulo chopukusira injini kutsogolo chija, ndapukusa mpaka thukuta kutuluka m'chiperoni momwemo. Yalira dzuwa litakwera kale. Kuzizira kumeneku, sikuti ndi oyilo ayi.

Nkhuni ndakatenga. Potsetsereka zonse bwino. Koma pachitunda cha kuphiri, injini itatentha, ndayang'ana pagalasi: wabwerera! Wabuluu yemwe uja. Wocheperako kusiyana ndi kale, koma wokwanira kudetsa diresi ya munthu. Amayi awiri osenza mitolo atembenuka n'kupatsa msewu mbuyo. Kachitsulo koyezera kakuonetsa kuti yamwanso.

Yandinamiza dzulo lole imeneyi. Yandinamiza pamaso pa anthu!

Masana Fanesi wabwera ndi madzi osamba m'manja, wagwada, osachoka. Akuti Lameki wafika dzulo kwa amalume ake pa Songani, ndipo anaiona lole ikudutsa. "Ababa, akuti ngati mungalole, angabwere kudzangomvetsera." Kudzangomvetsera! Lole yanga ndi wailesi? Ndamuuza kuti amuuze bwenzi lakelo asite suti yake, zitsulo azisiyire eni ake.

Wapita akupukuta m'maso. Utsi wa kukhitchini umenewo.

Kenako zodabwitsa. Alamu a Mandota abwera okha ndi jasi yawo ya ku Joni ija imene savula ngakhale mwezi wa Okutobala. Azungulira lole, agogoda tayala ndi ndodo, akuti: "Alamu, maganizo anuwa ndi abwino, kungoti mwawagwira ndi mantha." ALAMU! Pakamwa pa a Mandota! Chikwatirire sanandiitanepo choncho.

Akuti kumigodi, makina akuluakulu okoka miyala sankawapatsa timadzi ta nambala 50. Ankathira oyilo wa giya, nambala 140, wakuda, woti ukaviika chala chimatuluka chitavala nsapato. Akuti makina amenewo sanawaonepo akusuta.

N'zomveka. Ngati 50 wachotsa theka la utsi, 140 achotsa wonse n'kutsalako wina wa chaka chamawa. Masamu a Sitandade 2.

Akuti mnzawo wa pachigayo ali ndi chigubu chathunthu.

Lachinayi, 10 Juni

Ndakatenga. Sakhuthuka!

Ndapendeketsa chigubu, ndadikira, ndadikira, kenako watuluka pang'onopang'ono ngati uchi wa m'nyengo yozizira. Fanelo yatsekeka. Ndachita kumukankha ndi kamtengo. Ola lathunthu ndili chiweramire pa boneti, msana ngati wathyoka, alamu ali pampando wandalema kunena kuti "eya, ameneyo ndiye oyilo."

Fungo lake: mazira oola osakaniza ndi phula la pamsewu. Galu wathu wachoka yekha kupita kwa aneba.

Injini inali ikadali yotentha, ndiye yalira kamodzi n'kamodzi. Muvi wa pawotchi ya oyilo wakwera mpaka kumapeto, kumene sunafikeko chigulire. Mphamvu zimenezo! Ndapita mpaka kumsewu waukulu n'kubwerera. Utsi ulipo wochepa, wotuwa, ukuyenda chokwawa pansi, osakwera m'mwamba. Wokwawa pansi suvuta. Diresi imakhala m'mwamba.

Kungoti fungo lija likutuluka nawo.

Amayi amene abwera kudzasinja chimera cha thobwa anyamula mitondo yawo kusamukira kuseri kwa nkhokwe. Wina wafunsa ngati chimbudzi chagumuka. Ndamumva. Ndikumudziwa. Tsiku lina adzafuna lole yopita naye kuchipatala.

Che Saidi adutsa kudzaona mbuzi zimene adzazinge Loweruka, poti pamudzi pano mbuzi ya paukwati amazinga ndi iwo kuti Asilamu ndi Akhristu tidye mbale imodzi. Aima patali ndi lole, afunsa chimene ndathira. Ndawauza. Akuti: "Achimwene, ine za injini sindidziwa. Koma mwana wodwala chifuwa sindinamuonepo akupatsidwa nsima yolimba kuti achire."

Amake Fanesi nawo: "Safunsa anadya phula, koma inu mwachita kumwetsa ndi galimoto yomwe."

Mwambi pa chilichonse! Anthu osadziwa kusiyanitsa giya ndi buleki!

Pali kaphokoso kena m'injini, tiki-tiki-tiki, kakang'ono. Oyilo watsopano akufufuza njira zake. Mlendo aliyense amagogoda.

Mabenchi mawa.

Lachisanu, 11 Juni

SIKULIRA.

Kiyi: zii. Ngakhale nyeee uja palibe. Handulo: yolimba ngati ndikupukusa phiri. Ndaitsamira ndi thupi lonse, yazungulira theka, kenako yabwerera m'mbuyo n'kundimenya pamkono. Ndaona nyenyezi dzuwa likuwala. Mkono wamanja watupa ngati papaya. Ndikulemba ndi wamanzere, n'chifukwa chake zilembo zikuoneka ngati mapazi a nkhuku.

Kachitsulo koyezera kachita kukanirira. Oyilo wagona m'kati mmenemo ngati sera.

Alamu abwera, ayang'ana, akuti ku Joni makina aja sankawazimitsa usana ndi usiku. Lachitatu zimenezi anaziiwala kuti?

Ndakumbukira mmene mzungu uja ankachitira ndi thirakitala kukazizira. Ndatenga mbaula, ndakoleza makala, ndailowetsa pansi pa injini. Amake Fanesi atuluka, aima, manja m'chiuno. "Lolemba ndinangoti chimbaula, munakana kudya. Lero mwaiika nokha pamoto. Ikapsa mutiitane." Amayi onse ophika phwete! Mmodzi wabwera ndi mbatata zitatu kufunsa ngati angaotche nawo. Pabwalo langa! Pa lole yanga!

Yalira cha m'ma 12 koloko.

Zimene zalephereka chifukwa cha kuchedwaku:
Abale a Lameki atsika basi m'mawa, adikira lole, ayenda wapansi kuchokera kumsewu ndi masutikesi pamutu, pamodzi ndi azakhali ake oyenda ndi ndodo. Afika atayera fumbi mpaka m'mawondo. Apatsa moni wina aliyense mwaulemu. Ineyo andipatsa moni mwaulemu wopitirira, umene umapweteka kuposa mwano.
Mabenchi ndakatenga theka. Ena anyamula amuna pamutu.
Kutsuka lole: ndi dzanja liti?

Tiki-tiki uja wakula. Pano ndi kho-kho-kho.

Chakumadzulo Lameki wabwera ndi nkhoswe yake. Wavula chipewa, wanjuta patali, maso pansi. Wolankhula ndi nkhosweyo: akuti mnyamatayu akupempha maola awiri okha, akhetse zimene zili m'katimo, atsuke, abwezere nambala 30, apukute mapulagi. Akuti isuta ndithu, koma iyenda, ndipo akwati angakhale kutsogolo mawindo atatseka ndi nsanza pansi pa mpando.

Bwalo lonse likudikira yankho langa. Amake Fanesi, alamu, alendo, ngakhale wa mbatata uja.

Akanabwera yekha kuseri kwa nyumba mwina ndikanalola. Koma pamaso pa onsewa?

Ndati: "Muuzeni kuti mkwati sagwira girisi ukwati uli mawa."

Lameki waomba m'manja, wanyamuka. Podutsa pa lole waima pang'ono, wapendeketsa mutu kumvetsera, watseka maso ngati munthu amene waponda munga. Kenako wapitirira.

Loweruka, 12 Juni

M'mawa. Mbaula ndayatsa tambala atangotsika. Yalira nthawi yabwino. Masamba a nthochi m'mbali, maluwa pa boneti, nsalu yoyera pampando. Ikuoneka ngati lole ya nduna. Ndanyamula amayi oyimba ndi okalamba, takwera chitunda cha ku Mishoni giya yoyamba, kho-kho-kho njira yonse, koma nyimbo zaphimba.

Nzeru yanga ya lero: SINDIZIMITSA. Ikazizira yatha. Ndaiimika pansi pa mtengo pambali pa tchalitchi, injini ikulira, ine ndalowa ndi suti yanga, mkono uli m'mpango.

Nyimbo yoyamba, zonse bwino. Pemphero, ndikumva injini ikufuna kufa. Ndatuluka chonyang'ama, ndaponda mafuta, ndabwerera. Pa kuwerenga Mawu, yayambanso. Ndatulukanso. Pobwerera ndapeza anthu a mbali ya mawindo akutsokomola. Mphepo yatembenuka. Utsi wokwawa uja waphunzira kukwera. Wina wayetsemula, makanda ayamba kulira, amayi a kwaya agwira nsalu pamphuno akuyimba. Abusa akweza mawu, injini nayo yakweza.

Mkulu wa mpingo wabwera pa benchi langa, wandinong'oneza: "Bambo, m'nyumba muno muzilankhula mmodzi. Sankhani."

Ndatuluka. Ndaganiza zoti ndingoisunthira kuseri kwa sukulu, kutali ndi mawindo. Giya ikukana, dzanja ndi limodzi, ndalimbana nayo, yadumpha, yazima. Ndatsegula boneti. Ndili chiweramire momwemo ndamva nthungululu zaphulika m'tchalitchi.

Alumbira. Mwana wanga wanena "inde" ine mutu uli m'injini.

Ndathamanga, ndapeza akusaina m'buku. Amake Fanesi sanandiyang'ane. Bola akanandiyang'ana.

Masana. Sikulira, n'zodziwikiratu. Mbaula ili kunyumba. Amuna a masuti avula majekete kukankha, abale a mkwati omwe aja anayenda wapansi dzulo. Mwamwayi kuchoka ku Mishoni n'kotsetsereka. Yagwedezeka, yaphulitsa kawiri ngati mfuti, yalira! Anthu akuwa, akwera chothamanga. Kutsogolo ine, Lameki pakati, Fanesi kuwindo ndi maluwa ake.

Ndati mumtima: aone tsopano a Mandota.

KHO-KHO-KHO-KHO. Muvi wa oyilo uja wagwa pansi penipeni. Lameki akuyang'ana muviwo, thukuta likutsika m'kolala. Wapirira mtunda wonse wa minda ya chinangwa. Kenako, motsitsa mawu: "Bambo, chonde zimitsani. Ikudzidya yokha."

Kwatsala pang'ono kufika. Ng'oma za pamudzi ndikuzimva. Ndaponda mafuta.

GWENGWE!

Chinthu chathyoka m'mimba mwake. Matayala akwekwereza, amayi a kumbuyo agwerana, taima pakamlatho ka mtsinje, pakatikati penipeni. Utsi wadzaza m'kati, wakuda tsopano. Fanesi watsika akutsokomola. Velo yake yachita madontho ngati dzira la nkhanga.

Sanalire. Akanalira ndikanadziwa chochita. Wangogwedeza velo, akuti: "Ababa, ine wapansi ndikanayenda mokondwa. Ndimangofuna mukhale m'tchalitchi."



Che Saidi ndi ana a achimwene awo anali m'mbuyo mwathu panjinga. Atsika, Che Saidi avula jekete lawo, alipinda, aliyala pakaliyala. Fanesi wakhala cham'mbali, Lameki wapalasa yekha ndi suti, mabelu a njinga zonse ngilingili, amayi akuthamanga m'mbali ndi nthungululu. Alowa m'mudzi choncho. Anthu akuti sanaonepo ukwati wokongola ngati umenewu. Akunena mokweza, kuti ndimve.

Ine ndatsala pamlatho ndi okalamba anayi amene sangathe kuyenda, ndi ngolo ya munthu wina imene ikufuna kudutsa, mwini wake akutukwana.

Madzulo. Amayi apeka kale nyimbo. Muli mawu oti "phula" ndi "apongozi". Akuvina. Alamu a Mandota akuuza alendo kuti iwo ananena masupuni awiri okha, osati chigubu chonse. Masupuni awiri! Ndipo akuti: "Akamwini ndi choncho, samva." Ndabwerera paukamwini.

Nyama ya mbuzi sindinadye. Akuti inakoma.

Lamulungu, 13 Juni

Kutchalitchi wapansi. Njira yake ndi yomweyo ya pamlatho. Lole ili pambali pamene anaikankhira dzulo, masamba a nthochi afota, pansi pake padontha chithaphwi chakuda. Aliyense wodutsa akuigwira pa boneti ngati akupepesa maliro.

M'tchalitchi fungo likadalimo. Mawindo onse ndi otsegula, m'kuzizira konseku.

Titaweruka ndapeza Fanesi kuseri kwa nyumba akuchapa velo. Ndaima. Ndati madonthowo amachoka ndi mandimu. Akuti: "Ndamva, ababa." Ndaimabe. Ndati ndinalakwa. Wapitiriza kuchapa, kenako wasendeza beseni kuti ndikhale pa mwala. Takhala pamenepo. Madontho ena sakuchoka.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndapita kwa Lameki ndekha, wopanda nkhoswe. Ndati: "Ngati muli ndi kanthawi, mungakamvetsere." Akuti: "Bambo, yasiya kulankhula, koma tiyeni." Walowa m'nyumba, watuluka ndi ovolosi. Anabwera nayo m'sutikesi ya ukwati, pansi pa suti!

Lero ndi Sabata, sitigwira ntchito. Tangolowa pansi pa lole kukayang'ana. Kuyang'anako kwafuna sipanala nambala 14, ndipo wompatsira ndine. Wamasula chibeseni chosunga oyilo cha pansi pa injini, waunika, watulutsa tizidutswa ta chitsulo tonyezimira, wandiika m'dzanja. Akuti oyilo analephera kudutsa m'timisempha ta injini, zitsulo zinkakhulana zouma. Shafuti, chitsulo chozungulira cha m'mimba mwa injini chija, ipite ku Blantyre. Maring'i nawonso. Mwezi, mwina iwiri. Mpunga wa Che Saidi unyamulidwa ndi wina chaka chino.

Ndadikira kuti anene kuti anandiuza. Akuti: "Oyiloyu ndi wabwino, bambo. Anangolowa pakhomo polakwika."

Mnyamatayu adzakhalitsa pamudzi pano.

Tagona chagada pamenepo, mapazi okha ali kunja, mtsinje ukulira pansi. Kenako mawu a amake Fanesi kuchokera kutsidya: mabenchi akufunika kubwerera kusukulu ana asanalowe mawa, ndipo akamwini awiriwo ali kuti?

Lameki wayamba kukwawa kuti atuluke. Ndamugwira mwendo ndi dzanja langa lotsalali.

Ndati: "Gonani. Akaitana koyamba simunamve. Zimenezi ndiye ndingakuphunzitseni ine."

Aitana kachiwiri. Mabenchi ndi asanu ndi atatu. Iye mbali ina, ine mbali ina, pamutu.